Bokosi Limene Linkapumira Pansi

Chinali chaka cha 1968, ine ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Tinkakhala m'munsi mwa phiri la Mphunzi, kumene chifunga chimagona pakhomo mpaka dzuwa litakwera. Chaka chimenecho mayi anga, a Nangozo, anamaliza maphunziro a gulu la amayi kumpingo. Anayenera kukavekedwa bulauzi yoyera kumsonkhano wa misasa, kutsidya kwa mapiri, kumene Akhristu ankagona kutchire m'timisasa ta udzu. Mwambo wovekawo unkachitika kamodzi pa chaka. Bulauziyo anasoka okha pamanja. Ankaikulunga m'nsalu ina, ndipo ife ana sitinkaloledwa ngakhale kuiloza ndi chala.

Malume anga a Yosofati anali ndi lole yakale yonyamulira mbatata, ndipo anavomera kutenga anthu a m'mudzi mwathu. Koma loleyo inalibe denga. Unali mwezi wa Okutobala, mitambo itayamba kuunjikana masana. Nkhawa inali pa katundu: mabulangete, mchere, shuga, machesi, mabuku a nyimbo, ndi bulauzi ija.

Malume anabweretsa tiranki yawo yachitsulo imene anachokera nayo ku Joni, yobiriwira, ya loko wonyezimira. Bambo anaigogoda, anaitsekula, ananunkhiza mkati.

"Alamu, chitsulo chimatuluka thukuta," anatero. "Tikapanga bokosi lathu."

"Inu ndi ukalipentala munakumana liti, alamu?"

"Dontho limodzi likalowa, mudzanditche dzina lina."

Bambo sanali kalipentala. Anali mlimi wa mbatata ya kachewere, koma wa manja odziwa. Anagula matabwa a paini ndi kuwapala pansi pa mtengo wa pichesi kuseri kwa nyumba. Ankaimba mluzu pogwira ntchito, nyimbo imodzimodzi, yosafika kumapeto. Ine ndinkasungunula phula la njuchi m'chitini ndi kulithira m'ming'alu yonse. Pa milomo ya chivundikiro anakhomerapo mphira wodula ku chubu cha lole. Chivundikirocho anachipanga chotsetsereka ngati denga la nyumba, chokhala ndi khonde lake mbali zonse. Mpaka lero ndikamva fungo la phula lotentha ndimaona tizipalo ta paini tikuuluka pabwalo paja.

Atamaliza anatembenuza bokosilo chagada, natenga chobowolera. Anabowola timabowo pansi pake, mzere wowongoka bwino. Munthu wa kwathu sakanafunsa chifukwa. Aliyense wolima mbatata amadziwa kuti chinthu ukachitsekera osachisiyira popumira, chimaola. Nkhokwe imapuma. Thumba limapuma. Ndipo madzi, monga tinkawadziwira ife a kumapiri, amachokera kumwamba.

Poyesa bokosilo anaikamo ine. Analikhazika pa njerwa, ndinalowa ndi kupinda miyendo, iwo anatseka. Munali mdima wofunda wonunkhira uchi. Kenako anayamba kuthira madzi a m'ndowa pamwamba. Phokoso lake linkamveka patali, ngati mvula ikugwa m'mudzi wa anthu ena. Pansi panga timabowo tija tinkalowetsa kuwala, madontho oyera ondandalikana, ndipo ndinaona ngati ndagona pamwamba pa thambo, nyenyezi zili kunsi kwanga. Ndinayamba kuyenda osasuntha. Ndinadutsa Chongoni, ndinadutsa Bembeke, ndinafika ku Joni kwa malume, kumene ndinkaganiza kuti nyumba zonse nzobiriwira ndipo zili ndi maloko onyezimira. Atatsekula anandipeza ndili m'tulo, wouma ngati chitsononkho. Bambo anandikweza m'mwamba kuti anthu onse aone.

Kumangirira kunatenga tsiku lathunthu. Malume ankafuna bokosilo likhale pamwamba pa mutu wa lole. Bambo anakana. Anati m'zitunda zathu katundu wapamwamba amagwetsa galimoto, komanso mvula imayamba kumenya chimene chili pamwamba. Mkati mwa lole munali malo a anthu. Choncho anatenga zitsulo ziwiri za bedi lakale, anazimanga ndi mabawuti kunsi kwa lole, kumbuyo, naikapo bokosi lija, lobisala bwino ngati mwanapiye pansi pa make. Pakati pa thabwa ndi chitsulo anaika mphira kuti lisakhulike. Analikwera ndi kulidumphira. Silinagwedere. Mayi anaika mabulangete ofiira pansi, bulauzi pakati pawo kuti isakwinyike, zina zonse pamwamba.

Tinanyamuka m'mawa, amayi akuimba. Ine ndinakhala kumapeto kwenikweni, miyendo ili pa chivundikiro cha bokosi lathu. Mapiri ankabwerera m'mbuyo mwakachetechete. Tchire linali lopserera, lakuda, ndipo fumbi lofiira linkatitsata ngati galu. Dzuwa litapendeka kunada kumapiri, mphepo inanunkha dothi, ndipo chizimalupsa chinatipeza pamtetete. Inagwa mvula ya matalala. Anthu anadzifunditsa matumba, nyimbo inatha. Koma bambo anakhala chilili, madzi akutsika m'ndevu, akuyang'ana mmene mvula inkatsetserekera pa chivundikiro chawo ndi kugwera kumbali. Anali akuimba mluzu.

Mvula itakata tinatsikira ku kamtsinje kopanda mlatho. Malume ankakadziwa, ankati nthawi yachilimwe ngakhale nkhuku imawoloka. Tsiku limenelo kanali katadzaza ndi madzi a m'mapiri, ofiira, onyamula mapulusa a lupsa. Lole inalowa pang'onopang'ono, inafika pakati, inatsokomola, nkuzima. Amuna anatsika kukakankha. Ine ndinayang'ana pansi. Madzi anali atakumbatira bokosi mpaka m'chiuno, ndipo m'mbali mwake munkatuluka tithovu, timodzitimodzi, tokongola. Ndinakuwa kuti, "Bambo, bokosi likumwa!" Mtsinje unkasokosa. Pamene anandimva, tinali titatsala pang'ono kufika kutsidya.

Pamtunda bokosi linayamba kukha madzi m'timabowo take, mzere wowongoka bwino, ngati ng'ombe yokamidwa. Madziwo anali ofiirira. Bambo anatsekula. Chivundikiro chinali chouma mkati, chopanda ngakhale dontho. Mayi anatulutsa bulauzi yawo pakati pa mabulangete aja ndi kuitambasula padzuwa. Inali itatenga mtundu wa maluwa a pichesi.

Palibe amene anaseka. Ngakhale malume, amene anali ndi ufulu wotcha bambo dzina lina, anapita kukayang'ana injini imene inali italira kale.

"Bambo a Filipo," anatero mayi, "pamwamba mwakhoza."

Anaichapa ndi sopo kumsasa, anaiyanika, anaichapanso. Mtundu unakana. Amayi ena anafuna kuwabwereka yawo, koma iwo anati sangalumbire pamaso pa Mulungu atavala thukuta la mnzawo. Lamulungu m'mawa anzawo anandandalika kutsogolo, oyera ngati akakowa. Mayi anakhala kumbuyo pa udzu ndi nsalu yawo ya masiku onse, akuimba mokweza kuposa onse. Bambo anaimirira patali, pafupi ndi lole, chipewa chili m'manja. Mayi anavekedwa chaka chotsatira, ndipo nsalu ya bulauzi yachiwiriyo bambo anakaigula okha, wapansi, ku Dedza.

Titabwerera kumudzi bambo anatseka timabowo tonse ndi tizikhomo. Mvula isanathe mabulangete anachita chuku. Anazulanso tizikhomoto. Bokosilo ndili nalo mpaka lero. Ndimasungiramo mbewu ya mbatata, ndipo sinaolepo.

Masiku ano mdzukulu wanga Yamikani ali ndi galimoto yonyamula alendo odzaona zojambula za m'mapanga a ku Chongoni. Amagona nawo m'matenti. Mwezi watha anabwera ndi mabokosi apulasitiki akuda, a mphira wochokera kufakitale, nawamanga ndi malamba pa zitsulo za padenga. Akuti ungawaponye m'dziwe, bulangete litulukamo louma. Ndinamuuza atsitse limodzi. Ndinaligogoda, ndinalinunkhiza, ndinalitembenuza chagada. Silinkanunkha chilichonse. Mwana sangagonemo nkulota.

"Nanga limapumira pati?" ndinafunsa.

Ndinkayesa aseka. Koma anandionetsa kabatani kakang'ono pafupi ndi chogwirira.

"Apa, agogo. Mpweya umadutsa, madzi ayi. Popanda aka, mukatsika phiri chivundikiro chimakanirira."

Ndinakagwira ndi chala nthawi yaitali. Azungu ndi makina awo onse anafika pamene bambo anafika ndi chobowolera chobwereka: chinthu chiyenera kupuma. Bambo anangolakwitsa malo. Ndinauza mnyamatayo kuti amange bwino malamba ake, ndipo akafika pamtsinje ayambe watsika nkuuyeza ndi ndodo.

Zimene mtsinje uja unatenga ndimazidziwa pamtima. Mchere wonse. Shuga yense. Machesi mabokosi atatu. Mabuku a nyimbo awiri, amene masamba ake anamatana osatsekukanso. Bulauzi imodzi. Chaka chimodzi cha mayi anga. Ndi mluzu wa bambo, umene sindinaumvenso.