Chaka Chimene Ndinkachapa Magolovesi a Chanda

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza tsiku limene anandichotsa pagolo.

Rufunsa atangokhala boma palokha, timu yathu inakwera kuchoka mu ligi ya m'midzi kulowa mu divishoni ya chigawo. Amene anaikweza ndi manja awa ndine. Ndinagwira pagolo kuyambira tikusewera opanda nsapato, ndipo pa Mpanshya ponse ankadziwa kuti Lameck sadutsika. Koma titayamba kukonzekera nyengo yatsopano, mphunzitsi wathu ba Tembo anandiitanira pambali.

"Lameck, kumene tikupita mipira imabwera m'mwamba, ndipo iwe ndiwe wamfupi. Tapeza munthu. Koma malamulo afuna wosamalira bwalo ndi zovala. Ukana?"

Ndinali nditangokwatira Esnart. Sindinakane.

Munthuyo anali Chanda, kalaliki amene anatumizidwa kuchokera ku Lusaka kudzagwira ntchito ku maofesi atsopano a boma. Anali wamtali ngati mlongoti, woseka ndi aliyense. Chinkandipweteka kwambiri n'chakuti analibe mwano. Akanakhala wonyada ndikanamuda bwinobwino. Koma iye m'mawa uliwonse, "Mwauka bwanji ba Lameck?" uku akundipatsa magolovesi ake ndi manja awiri.

Ntchito ya bwalo imayamba ndi chikwakwa. Ukatchetcha udzu, umagumula timachulu ndi khasu, kukwirira maenje, n'kupondaponda. Mizere sulemba ndi maso. Umakhoma zikhomo m'makona, kukoka chingwe mpaka chilire, kenako kutsanulira laimu wosungunula ndi chitini chobooledwa. Maukonde ndinkasoka ndi twaini. Mipira ndinkapopa n'kuigwetsa kuchokera paphewa kuti ndione kudumpha kwake. Majezi ndinkachapa ndi sopo, koma magolovesi ayi: amafuna madzi ozizira okha, ndi kuyanika pamthunzi, apo ayi mphira wake umauma n'kuyamba kuterera. Ananditumizanso ku kiliniki kukaphunzira chithandizo choyamba, ndipo ndinabwerako ndi chikwama cha mabandeji, tepi ndi sizasi.

Nyengo imeneyo tinaona zakuda. Matimu a ku Chongwe ndi ku Lusaka ankathamanga ngati alibe mapapo. Chanda akagoletsedwa, kamtima kanga kankati, "Ine ukanalowa umenewo?" Akagwira, ndinkayang'ana pansi. Ana a sukulu amene kale ankaimba dzina langa anangochotsa Lameck n'kuikapo Chanda, nyimbo yake yomweyo. Ngakhale amayi ogulitsa vitumbuwa pamsewu ankamuwonjezera chimodzi chaulere.

Masewero omaliza anali pakhomo. Tikagonja, tinali kubwerera kumene tinachokera. Tikafanana mphamvu, tinali kutsala. Anthu anabwera pa njinga kuchokera ku Shikabeta, ma minibasi anaima m'mbali mwa msewu, apasitala anapempherera mapolo a golo. Wachiwiri wa Chanda anali atapita kumaliro a amalume ake, ndiye pa benchi panalibe goloboyi wina.

Chigawo chachiwiri chili mkati, zigoli zili chimodzi kwa chimodzi, Chanda anadumphira mpira wa pakona n'kuwombana ndi wosewera wa timu ya alendo. Sanadzuke. Ndinathamanga ndi chikwama changa. Nditavula golovesi ya kumanja, chala chachinayi chinali chitayamba kutupa, ndipo iye ankaluma mano, thukuta lili kamukamu.

Ba Tembo anafika akupuma mwabefu. "Zili bwanji? Tiike wosewera wakumbuyo pagolo?"

Kuseri kwa golo munthu wina anakuwa, "Mupatseni Lameck! Lameck alowe!" Ena anavomereza. Mawu amenewo anandilowa ngati madzi ozizira pakhosi louma, ngakhale ndinkadziwa kuti sizingatheke, poti dzina langa silinalembedwe pa osewera. Ndinaona chithunzi chonse m'mutu: Chanda akutuluka, zigoli zikulowa ngati mvula, anthu akumanena pamsika kuti akanakhalapo Lameck. Zinangofunika kuti nditi chala chathyoka, ndipo palibe akananditsutsa.

Chanda anandigwira mkono. "Ba Lameck, manje tichita bwanji? Imwe mudziwa. Nikachoka apa, taluza."

Ndinachisisita chalacho kuyambira kunsonga mpaka patsinde monga anandiphunzitsira. Ndinamuuza kuti apinde. Anapinda, akubuula. Fupa linali bwino, chinali chitabinya. Ndinaikapo ayezi wa mu bokosi la zakumwa, kupukuta, kulowetsa kathonje pakati, n'kumanga chala chovulalacho pamodzi ndi chinzake chapakati, tepi pamwamba ndi pansi pa mfundo kuti chizipindikabe. Zala ziwiri zomangidwa sizilowa mu golovesi, ndiye ndinadula msoko wa pakati ndi sizasi, n'kumuveka, n'kukulunganso tepi kunja.

"Osagwira," ndinamuuza. "Uzingomenya ndi chibakera cha kumanzere."

Anamenyadi. Mipira inkagwa m'mwamba motsatizana, ija ba Tembo ankanena, ndipo iye ankaifikira yonse. Umodzi anaukankhira pamwamba pa mtanda, pamalo pamene ine ngakhale nditakwera pa njerwa sindikanafika. Ndinaona ndi maso anga, ndipo zinandiwawa kuposa zonse za chaka chimenecho.

Wezulo yomaliza italira, anthu anasefukira m'bwalo n'kupondereza mizere yanga. Anamunyamula Chanda pamapewa mpaka kumsewu. Pakati pa amayi oimba nthungululu ndinaona Esnart, atavula chitenje chapamwamba akuchikupiza m'mwamba. Ine ndinakwera pa mpando n'kuyamba kumasula maukonde.

Ba Tembo anadutsa n'kundimenya paphewa. "Wamanga bwino," anatero, n'kuthamangira gulu lija.

Madzulo ake ndinamufunsa Esnart chimene ankakondwera nacho chotere.

"Aa, si timu yanu yatsala? Kapena mumafuna ndizilira?"



Ntchitoyi ndaigwira mpaka lero, ndipo ndamanga zala ndi akakolo a anthu ambiri, ena owakonda, ena ayi. Anzanga atsopano pa ntchitoyi amayembekeza kuti ndiwauza kuti nsanje imatha. Yanga sinathe, Chanda akatchulidwa, penapake pamandilasabe. Chimene ndimawauza n'chakuti munthu akagona pansi patsogolo pako, mtima uzinena zake, koma tepi uikulunge molimba.