Anandituma Kukatenga Mankhwala Kuti Anyamule Amuna Anga

Anzanga, a Januario ndinayamba kuwaona miyendo ndisanawaone nkhope.

Munali mu 1945, kwathu kufupi ndi Namitete. Atsibweni anga, a Mateyu, anaitana mnyamata wa ku Nsaru, dzina lake Januario, kuti awamangire balani yofukizira fodya, ndipo anandituma ine, Benedeta, kuti ndikampatse thobwa. Ndinangoona miyendo ikulendewera pamtanda wapamwamba.

"Anamwali, thobwalo muliponya kuno, kapena nditsike?"

"Amene ali ndi ludzu ndiye amatsika," ndinayankha.

Anatsika. Chaka chotsatira tinamanga ukwati kutchalitchi, iwo nkudzakhala kwathu monga mkamwini. Ankayamba kulima munda wa atsibweni asanakhudze wathu.

Balani yomweyo ndiyo inawagwetsa. Mu 1948, akupachika fodya wa atsibweni, mtanda unathyoka. Kuyambira m'chiuno kutsika m'munsi sanamvenso kanthu.

Sisitere wa ku mishoni anandilangiza kuti, "Muziwatembenuza kawirikawiri. Munthu wotere akagonera mbali imodzi amatuluka zilonda, ndipo zilondazo ndizo zimapha."

Wotchi ndinalibe, choncho ndinkatsata mthunzi wa nkhokwe. Ukafika pamtondo, ndinkawatembenuza. Ukafika pakhomo, ndinkawatembenuzanso, nkuwadzoza mafuta a nsatsi. Ndikunena motsimikiza: m'manja mwanga sanatuluke chilonda ngakhale chimodzi.

Musaganize kuti tinkangolira. Loweruka ndinkawameta ndevu ndi lezala pakhonde.

"Nankhoma, khutulo mulisiye," ankatero, kunditchula mfunda wanga. "Ndilo lokha limandiyendera m'mudzi muno."

Manja awo anali amphamvu, ndiye ankasenda mtedza. Njere zikuluzikulu ankabisa pansi pa mphasa, nkumandiuza kuti, "Kuli mbewa pansi apa, taonani." Ndinkadziwa, komabe ndinkadabwa tsiku lililonse kuti aseke.

Kenako inadza njala ya 1949. Nkhokwe zitayamba kuoneka pansi, atsibweni anandiitana.

"Mkamwini ndi khasu," anatero. "Khasu likathyoka amalibweza kwa eni ake. Munthuyu abwerere ku Nsaru. Iwe ukadali mwana, mwamuna wina apezeka."

"Atsibweni, khasulo linathyokera m'balani mwanu."

"Ukuyankha ine?"

"Tinalumbira paguwa. Chakudya changa ndizigawana nawo, sindipempha chanu."

Kuyambira tsiku limenelo sindinachokenso pabwalo. Amuna akadutsa awiriawiri kuseri kwa nyumba, ndinkati abwera kudzawanyamula. Ngakhale kuchitsime ndinaleka kupita. Ankanditungira madzi anali akulu anga, a Sabina, munthu yekhayo amene ndinkamukhulupirira. Anandibereka kumsana ndili khanda.

Tsiku lina m'mawa a Sabina anabwera akupuma mofulumira.

"Benedeta, sisitere watumiza mawu! Kwabwera mankhwala atsopano a msana. Thamanga asanathe, alamu ndikhala nawo ine."

"Muwatembenuza mthunzi ukafika pamtondo?"

"Kodi ine sundikhulupirira?"

A Januario anandigwira mkono. Anayang'ana a Sabina, kenako ine.

"Mubwere msanga, Nankhoma."

Ndinathamanga mpaka ku mishoni. Sisitere anandiyang'ana modabwa.

"Mankhwala ati, mayi? Ine sindinatume munthu."

Anzanga... njira yobwerera sindiikumbuka. Ndimangokumbuka khonde lopanda munthu. Anthu a atsibweni anali atawanyamula pa machila ine nditangokhota. Nditakweza mphasa ndinapeza njere za mtedza, zija ankasunga kuti andionetse mbewa madzulo.

A Sabina anaima potero, manja kumbuyo.

"Takupulumutsa, mng'ono wanga. Mawa udzatithokoza."

Ndinati ndiwatsate amuna anga, koma atsibweni anandibweza panjira nkundisunga ngati mbuzi yapachingwe. Masiku anapita ndikuona mthunzi ukufika pamtondo, ukufika pakhomo, popanda womutembenuza. Ndinathawa tsiku limene mudzi wonse unapita kumaliro.

Ku Nsaru ndinawapeza m'nyumba ya amayi awo, nkhalamba yofooka ndi njala, yosatha kunyamula ngakhale mtsuko. Fungo linandiuza zonse ndisanalowe. Zilonda zinali zitatseguka m'chiuno monse.

A Januario anatsegula maso, nkuyesa kuseka.

"Mwachedwa nawotu mankhwala aja, eti?"

"Panalibe mankhwala, bambo."

"Ndinadziwa. Koma lezala mwatenga? Ndevu zandichulukira."

Ndinali nditatenga. Ndinawameta, ndinatsuka zilonda, ndinawatembenuza monga kale. Koma zinali zitalowa mkati. Anamwalira mvula isanagwe, dzanja lawo lili pamkono wanga.

Kwathu sindinabwererenso, ndipo sindinakwatiwenso. Ndinalowa ntchito yosamalira odwala m'chipatala, ndipo ndinaigwira mpaka kupuma. Anzanga apantchito ankati ndine wovuta, chifukwa sindinkalola kuti wodwala agonere mbali imodzi. Chifukwa chake sindinawauze.

Nditatsala pang'ono kupuma, anabweretsa mayi wokalamba amene anafa ziwalo mbali imodzi. Anali a Sabina. Ndinawasambitsa, ndinawadzoza mafuta, ndinawatembenuza pa nthawi yake, ndipo sanatuluke chilonda. Tsiku lina anandigwira chovala.

"Benedeta... kodi unandikhululukira?"

"Gwirani phewa langa, akulu," ndinatero. "Nthawi yotembenuka yakwana."

Yankho lina sanalimve kwa ine mpaka anapita.

Atsibweni ndinkawaopa ndi kuwachenjerera, choncho sakanatha kundichotsa pakhonde paja. Anandichotsa ndi amene anandibereka kumsana. Anzanga, ngati muli ndi wanu amene sangathe kudzuka yekha, munthu akakufunsani kuti "kodi sundikhulupirira?", khalani pansi pomwepo, osasuntha.