Anafufuta Dzina la Tadala

Inu owerenga, mwana wanga ndinamutaya kawiri. Koyamba anamutenga ndi matenda, kachiwiri ndinamupereka ndekha ndi manja angawa.

Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale, ndimagwira ntchito ya m'nyumba kuno kunja kwa dziko lathu, m'dera la Al Twar. Mwana wanga Tadala ankalandira alendo pa hotela ina ku Business Bay, mumzinda womwewu, kwinaku akuphunzira digiri pa intaneti. Tsiku lopuma ndinkapita ku Karama kumene ankakhala, kukamuluka tsitsi, iye n'kumandifotokozera zimene ankalemba. Ankafufuza kumene kunachokera mutu wa buku lina lakale la Chigiriki, lomasulira mawu ndi mbiri za anthu. Ankati mawu a pamutuwo anthu anawayesa dzina la mlembi, mpaka kumatamanda munthu amene sanabadweko. Pambuyo pake ena anati ayi, mwina mawuwo amatanthauza linga.

"Nanga analemba ndani?" ndinamufunsa.

"Palibe akudziwa, amama. Anavutika, dzina lake n'kusowa."

Ndinaseka, ndati ameneyo ndiye anali wogona.

Tadala atamwalira, amene anayendetsa zotumiza thupi kumudzi ndi bambo ena akwathu, ophunzira kwambiri, omwe ankamuthandiza pa zolembazo. Mukudziwa kwathu, wokugwira dzanja pamaliro sumumana kanthu. Tikulongedza katundu anapempha laputopu ya malemu, ati amalizitse ntchitoyo kuti dzina la mwana wanga lisafe. Ndinaipereka nditagwada, ndikuthokoza.

Patapita miyezi, mtsikana wa ku Chipata amene ankagona chipinda chimodzi ndi Tadala anandionetsa pafoni. Nkhani ankalemba mwana wanga ija inatuluka, pamwamba pali dzina la bambo aja lokha. Anandimasulira pang'ono, ndinamva zomwe zija Tadala ankandiuza mutu uli pamiyendo panga. Ndinamupempha ayang'ane mpaka pansi penipeni. Tadala munalibe.

Bambo aja ndinawaimbira foni. Anati, "Mayi, khalas, zinatha basi, musadzivutitse. Wakufa dzina alidyera chiyani?" Laputopu akuti inawonongeka. Ndikadandaula kwa ndani, ine wosadziwa ngakhale kumene nkhani zotere zimatulukira?

Abale anga, chisoni chikadali chachiwisi musapereke kanthu ka malemu, ngakhale kwa amene analira nanu. Dikirani mutu ukhazikike, ndipo popereka pakhale mboni. Amene simunaphunzire ngati ine, funsani kaye kuti m'katimo muli chiyani.

Mlembi wa buku la Chigiriki uja sindimusekanso. Mwina sanali wogona. Mwina nayenso anali ndi amake amene anagwada n'kupereka.