Mlandu wa Chimimba cha Amuna Anga

Amuna anga anali ndi chimimba chotchuka, ndipo sindikukokomeza ayi. Akabaza a pamsika wathu kwa Mwambo akawaona akubwera ankayamba kupopa matayala osaphwa, ena n'kunamizira kuti tcheni chaduka. Eni akewo ankanyada nacho. Ankagula mpunga ku Likangala n'kumakagulitsa kutauni, ndiye chimimbacho chinali chikwangwani cha bizinesi: aliyense wochiona ankadziwa kuti bambowa zikuwayendera. Nanenso ndisaname, ndinkadyerapo ulemu. Kutchalitchi amayi anzanga ankati, "Koma inu ndiye mumadziwa kusamala mwamuna." Ndinkachita ngati ndagwidwa manyazi, koma mumtima ndikuvina.

M'mawa ankamwa tiyi wa masupuni anayi a shuga ndi mandasi asanu. Masana mpunga wonyezimira mafuta, mlamba wokazinga pambali. Pawailesi akayamba zonena kuti kunenepa kwambiri n'koopsa, iwo ankatseka. "Nsanje basi," ankatero. "Amenewo akulankhula ali ndi njala."

Kenako anayamba kumwa madzi ngati ng'ombe, ndipo kachilonda ka pachala chakuphazi kanakana kupola. Ndinachita kuwakoka kuti tipite kuchipatala. Adokotala atawabaya chala ndi kuwakweza pasikelo sanazungulire: shuga, kuthamanga kwa magazi pamwamba pake. Achepetse thupi, asiye zotsekemera, aziyenda wapansi. Pobwerera, titafika pamlatho, bambowo anaima n'kundigwira mkono.

"Mayi a ana, nkhani iyi ithere pompano. Mukudziwa zimene anthu amanena za mwamuna wa shuga, amati m'nyumba mkazi wake amasanduka mlongo wake. Mukufuna anzanga a pabawo azindiseka?"

Ndinalonjeza kuti sindiuza munthu. Ndikanadziwa, ndikanaluma lilime.

Tinayamba moyo watsopano. Kansima ka mgaiwa kamodzi, therere, chisoso, matemba owiritsa opanda dontho la mafuta. Tiyi wopanda shuga ankamumwa atakwinya nkhope ngati ndawapatsa mankhwala a malungo. Kusikimu ya mpunga ku Likangala ankapita wapansi, akabaza n'kumawapatsa moni mwansangala imene sanawaonetsepo kale. Patapita miyezi chimimba chinaphwa, lamba anamuboola mabowo atsopano ndi msomali, chilonda chija chinapola. Ine ndinkathokoza Mulungu, koma mudzi unaona zina.

Kwathu kuno munthu saonda pachabe. Ukaonda ndiye kuti uli ndi matenda aja, kapena akulodza, kapena mkazi wako ndi wouma mtima. Popeza amuna anga ankayenda mwamphamvu kuposa kale, mlandu unagwera ine. Kumjigo nkhani zinkaduka ndikafika. Wina anafalitsa zoti ndiwo zabwino ndikumapatsira mwamuna wina. Tsono bambowa ndi mkamwini, amakhala kwathu, ndipo nkhaniyi pofika kwawo kwa Kuntumanji inali itamera nyanga.

Loweruka lina m'mawa anatulukira alamu anga, mlongo wawo wamkulu, mayi wathupi lake nayenso, atasenza dengu. M'mbuyo mwawo munali amalume awo, amene ndi ankhoswe a banja lathu. Anaitanitsa ankhoswe a mbali yanga, tonse tinakhala pansi pa mtengo wa mango.

"Mwana wa mayi anga analowa pakhomo pano ali munthu," anayamba alamu. "Lero taonani, ngati matemba oyanika. Ngati mwatopa naye, alamu, nenani timutenge. Kwathu chakudya chilipo."

Ndinayang'ana amuna anga. Iwo anali otanganidwa kuonerera nyerere pansi. Mtima unandipsa, komanso ndinachita mantha. Ankhoswe akanyamuka ndi munthu wawo ndiye kuti banja latha, ndipo mbiri yoti ndinamana mwamuna chakudya ikananditsata mpaka kumanda. Zaka zonse zija ndikumukazingira mlamba munthu ameneyu!

Alamu anavundukula dengu. Munali nkhuku yokazinga, mpunga wamafuta ndi botolo la chakumwa chotsekemera, limene anatsegula ndi mano.

"Idyani, achimwene, tione ngati vuto ndi inu kapena ndi kukhitchini."

Amuna anga anatambasula dzanja n'kulandira botolo lija. Pamenepo ndinalephera kupirira.

"Imwani, bambo," ndinatero. "Lonjezo langa ine ndisunga. Koma chala chija chikayambiranso, azikakutsukani ndi achemwali anuwa."

Botolo linaima m'malere. Amuna anga analiika pansi, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kabuku ka kuchipatala kamene ankakabisa kunsi kwa matiresi. Anakapereka kwa amalume ndi manja awiri.

"Ndili ndi shuga, achemwali. Mayiwa sanandimane kanthu, ndine ndinawatseka pakamwa." Kenako anawonjezera mokweza kuti onse amve: "Koma zinazo zili bwinobwino, afunseni eni akewa."

Amalume anatsokomola. Ankhoswe anga anayang'ana kumwamba ngati akusankha mango. Alamu okha ndi amene sanaseke.

"Chala chatani?" anafunsa.

Ndinawafotokozera za kachilonda kaja, ludzu lija, ndi zimene ananena adokotala. Nkhope yawo inagwa. Apongozi anga aamuna, bambo awo a awiriwa, analinso munthu wamkulu thupi. Anadwala chilonda chapaphazi mpaka mwendo wonse unada, n'kumwalira. Banja lonse linakhulupirira kuti anaponda mankhwala amene anawatchera munthu wina amene ankalimbirana naye malire a munda wa mpunga, moti mpaka tsiku limenelo mabanja awiriwo sankapatsana moni.

"Bambo aja anayambanso ndi chala," anatero alamu motsitsa mawu.

Nkhuku ija tinadya ine ndi ankhoswe, amuna anga akutiyang'ana ndi therere lawo. Alamu sanapepese, ndipo sindinayembekezere, chifukwa mayi amene uja kupepesa sakudziwa. Koma dzuwa litapendeka, akutsanzika, anandikodola n'kunditengera kuseri kwa nkhokwe. Anavula nsapato ya kumanzere n'kundionetsa chidendene chomangidwa ndi kansanza.

"Mwezi wachiwiri uno," anatero. "Kuchipatalako mumapita tsiku lanji, alamu?"

Lolemba lake tinapita limodzi, wapansi.