M'nyumba Mwathu Munalibe Otamba

Ndikukumbukira tsiku limene bambo anga, omwe ankagwira ntchito kunjanji, anafika kwathu ku Dambwa North atasenza katoni ya TV. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili mu Giredi 7. Inali TV yakale yosaonetsa mitundu, koma pamzere wonse wa nyumba zathu inali yachiwiri, ndipo ine ndinayamba kuyenda mapewa ali m'mwamba. Zithunzi zinkayamba cha m'ma faifi madzulo. Nthawiyo isanakwane n'komwe, ana a aneba ankakhala atadzaza kale pabalaza, ena atakakamira pazenera, m'nyumba monse muli fungo la thukuta ndi fumbi.

Ku Livingstone kuonera TV timati kutamba. Mayi anga, Achewa a ku Katete omwe ankasoka zovala mumsika wa Maramba, mawu amenewa ankawanyansa, chifukwa kwawo wotamba ndi mfiti. Mnzanga Mutinta akakuwa pampanda kuti, "Iwe Tisa, yayamba? Nifuna kutambako!" mayi ankagwira pakamwa, ife n'kumawaseka.

Kuseka kunatha teremu yoyamba itatha. Ndinabwera ndi lipoti lofiira, ine amene ndinali ndisanatsikepo pa nambala faifi. Bambo sanachulutse gaga m'diwa. Anati TV aigulitsa, ndipo ndikalephera mayeso a kumapeto kwa chaka sindidzabwereza m'tauni, ndikakhala kwa azakhali kumudzi. Mantha anandigwira, poti ndinkadziwa kuti kumeneko za sekondale ndiiwale.

Mayi anapempha kuti TV isagulitsidwe kaye. Kenako anandiitana pamakina awo osokera a kunyumba.

"Ukudziwa chimene mfiti imachita?" anandifunsa. "Imasiya thupi pamphasa, mwini wake ali kutali. Iwenso ukakhala pa TV ndimakuitana katatu, thupi lili pano, mwini wake kulibe. Ndiko kutambako. M'nyumba mwanga muno anthu aziona, asamatambe."

Anatola zidutswa za zitenje n'kusokera TV chovala chake, chokhala ndi zipi kumbuyo. Lamulo linali lakuti ndikamaliza ntchito ya kusukulu ndisankhe pulogalamu imodzi yokha. Ikatha, zipi n'kutseka, ine n'kuima pafupi ndi makina, n'kuwafotokozera m'Chichewa zonse zimene ndaona, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mapulogalamu ambiri anali a m'Chingerezi.

Tsiku loyamba ndinangonena mwachidule.

"Kunali mzungu, anamenya mnzake."

"Anam'menyeranji?"

"Kaya."

"Ola lathunthu maso ali tong'o, wabwerako ndi kaya?"

Mawa lake zipi sinatsegulidwe. Ndinapsa mtima koopsa, ndinkaona ngati mayi akungondizunza. Ana a aneba atamva kuti aliyense woonera kwathu azifotokozanso, anabalalika ngati nkhuku zaona kabawi. Anatsala ndi Mutinta yekha, naye akudandaula kuti, "Ah, kwanu na TV ili na mayeso!"

Poopa zipi ndinayamba kutchera khutu. Mawu achilendo ndinkawalemba kuchikuto cha kope n'kukafunsa aphunzitsi m'mawa. Mayi sankatopa ndi mafunso, phazi lili pachopondera, singano ikuthamanga. Uyu ndani? Wachitiranji zimenezo? Ukanakhala iwe ukanatani? Ndikalumpha chigawo ankandigwira pomwepo, amvekere nkhani yako yang'ambika pakati, bwerera ukaisoke. Pofika nyengo yozizira ndinali nditayamba kukometsera, kusintha mawu potsanzira anthu a mufilimu, mpaka bambo ankasiya nyuzipepala n'kumamvetsera. Masiku ena ndinkaona kuti pulogalamu ndi yopanda mutu, ndekha n'kutseka zipi isanathe.

Pamayeso, nditatsegula pepala la Chingerezi n'kuona nkhani ndi mafunso ake pansi, ndinatsala pang'ono kuseka. Anali mafunso a mayi okhaokha. Zotsatira zitatuluka dzina langa linali pakati pa osankhidwa kupita ku Giredi 8. Ndinathamanga kuchokera kusukulu, kuwoloka msewu wa Mosi-oa-Tunya osayang'ana bwino n'komwe, mpaka ku Maramba. Mayi anaimitsa makina, diresi la mwini wake lili pakati, n'kuimba nthungululu imene inasonkhanitsa azimayi a mzere wonse. Sindinanyadirepo chotero, ndipo sindikudziwa ngati ndinkanyadira ine kapena iwo.

Papita zaka zambiri. Tsiku lina ndinkawadandaulira mayi za ana anga awiri, omwe maso awo sachoka pafoni, ndipo ndinawayamikira nzeru zawo zauphunzitsi. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Uphunzitsi wanji? Chingerezi ine ndinkachimva? Nanenso ndinkafuna kudziwa zimene anthu a mu TV aja ankakangana, koma ndikanafunsa ndani?"

Ndikudziwa kuti ananena theka chabe la zoona. Mayi amene sukulu anailekezera Giredi 4 anaona chinthu chikuwalanda mwana m'chilankhulo chimene sankachimva, ndipo m'malo mochithamangitsa anauza mwanayo kuti awatengeko. Ana anga ndimawaikira nthawi ya foni, inde, koma ndaona kuti kulanda ndi kutseka aliyense angathe. Chimene chimandivuta ine, chimene mayi ankachita tsiku lililonse atatopa ndi msika, ndi kumvetsera mwana mpaka amalize.