Malegeni a Alamu Anga

Alamu anga, akulu ake a malemu amuna anga, sanaphunzirepo ntchito ya mipope. Moyo wawo wonse anali mlonda pa nyumba yosungiramo katundu, ndipo atapuma anangodzipatsa okha udindo wokonza chilichonse chowonongeka pachibale. M'chikwama chawo mumakhala pulayala, mawaya ndi malegeni odula ku machubu akale a njinga. Lamulo lawo ndi limodzi: chakale sachotsa, amangomanga china pamwamba pake.

Bambo a ana atatisiya, alamu anayamba kubwera Loweruka lililonse, ati kudzaona nyumba ya mng'ono wawo. Ine sindine wa mawu ambiri. Ndinkawapatsa mpando ndi tiyi, iwo n'kumazungulira akugogoda makoma.

Valavu yaikulu yotsekera madzi a nyumba yonse ili m'kadzenje ka chivindikiro kuseri kwa khitchini, mogundana ndi khoma. Inayamba kudontha kalekale, ndipo nthawi zonse alamu ankagwada pamenepo n'kudzuka akunena kuti zatheka. Koma madzi ankalowabe pansi pa khoma. Nkhungu yakuda inakwera mpaka pawindo, kabati ya mbale n'kumanunkha ngati chikolopa choiwalika m'ndowa.

Mwana wanga wamkazi atachira, anabwera yekha kudzandiona. Anangoima pakhomo la khitchini atagwira mphuno.

"Amama, sindikubisirani, khanda sindibwera nalo muno. Fungo ili ngakhale ine likundikhala pakhosi."

Ameneyo ndi mdzukulu wanga woyamba, ndipo ndinali nditangomunyamula kamodzi kuchipatala. Ndinaitana pulambala wina amene timapemphera naye. Tsoka lake anafika Loweruka, alamu ali pompo.

"Mlamu, mwaitana munthu wakunja ine ndili moyo?" anandifunsa alamu.

"Angoona chabe, alamu."

A pulambala anakatseka madzi pa mita kugeti, n'kubwera kudzavundukula kadzenje kaja. Mphemvu zinabalalika mpaka kumapazi anga. M'thope lakuda munali nyongolotsi, ndipo pakona panali khoswe wakufa, wotupa, ubweya utayamba kusosoka. Valavu yeniyeniyo sinkaoneka. Panali chimpukutu chonga mutu wa munthu, chonyowa, choterera.

"Madala, mumaweta chiyani muno?" anatero a pulambala.

"Ngati mumaopa thope mukanakhala a telala," anayankha alamu. "Chimenecho chagwira zaka."

"Chagwira fungo, madala."

Anatulutsa mpeni n'kuyamba kusenda. Pamwamba panali malegeni. Pansi pake waya wadzimbiri, kenako mapepala apulasitiki, kenako malegeni ena atafewa ngati chiwindi. Kunatuluka sokosi. Alamu ankafotokoza chilichonse monyadira, kuti ichi anamanga mvula itakula, icho anamanga atachokera kumaliro. Ine ndinali nditatseka pakamwa ndi mpango.

Pomalizira penipeni, pokhudzana ndi chitsulo, panatuluka nsalu ya mizere yabuluu, batani limodzi likadali pomwepo. Ndinaizindikira isanatambasulidwe n'komwe. Anali malaya amene amuna anga ankavala kutchalitchi akamawerenga mawu kutsogolo. Maliro atatha, alamu anawapempha misozi ili m'maso, ati aziwavala pokumbukira mng'ono wawo. Ndinawasita ndekha n'kuwapereka ndi manja awiri.

"Alamu, malaya awa?"

"Anandichepa m'mapewa, mlamu. Koma nsalu yake ndi yabwino, imamwa madzi. Ndiponso agwira ntchito m'nyumba ya mwini wake yemwe, sanapite kutali."

Ananena zimenezi nkhope ili gwa, ngati andichitira zabwino. Ndinapempha Ambuye chamumtima kuti andigwirire lilime, chifukwa mawu amene anafika pakhosi sanali a mayi wa mpingo.

"Apa pangofunika kupukuta n'kumanganso bwino," anapitiriza alamu, akutsegula chikwama.

"A pulambala, chotsani zonse, muike yatsopano," ndinatero. "Alamu, tiyi wanu ali pakhonde."

"Mlamu, nyumba ino ndi ya mng'ono wanga."

"Mng'ono wanuyo anakapuma. Wogona ndi fungoli ndine. Tiyi akuzizira."

Anandiyang'ana ngati mpando walankhula. Pakhonde sanapite, koma chikwama anatseka.

A pulambala atangoigwira ndi sipanala, valavu yakale inathyoka chogwirira. M'kati mwake munali mutadyeka, mutadzaza dzimbiri lofiirira, ndipo ndinakumbukira kuti madzi onse a tiyi wathu ankadutsa mmenemo. Anadula paipi yowola, analumikiza ina, anakulunga tepi yoyera kumapeto n'kumangapo valavu yatsopano. Atatsegula ku mita, mpopi wa m'khitchini unatsokomola, unalavula madzi ofiira, kenako oyera. M'kadzenje simunagwe ngakhale dontho. Anandiuza kuti ndiyese kutseka ndekha, ndipo inatembenuka ndi zala ziwiri.

Nditacheuka ndinapeza alamu akutola malegeni aja m'thope. Anawatsukuluza pampopi wapanja, anawakung'untha n'kuwalongedza m'chikwama.

"Awa akadali ndi moyo," anatero. "Kwa achemwali anu thanki ya kuchimbudzi ikuvuta."

Chidutswa cha malaya ndinachinyamula ndi kamtengo n'kukachitaya kudzala pamodzi ndi khoswe. Sichinalinso cha amuna anga.

Alamu amabwerabe, ngakhale si Loweruka lililonse, ndipo amauza achibale kuti ntchito ya masiku ano siikhalitsa. Khoma ndinalipala, ndinalitsuka ndi mankhwala, n'kusiya mawindo otsegula mpaka linauma.

Mwana wanga anabwera ndi mwamuna wake Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi. Anasiya bambo ndi khanda pageti, iye n'kulowa m'khitchini. Anatsegula kabati, analowetsamo mutu, ananunkhiza khoma ngati wogula nyumba. Ine ndinangoima, manja ali pamimba.

Kenako anasuzumira pawindo.

"Bambo ake, lowani naye. Agogo ake akudikira."