Lawi Labuluu m'Chitsime cha kwa Chinsapo

Abambo Weston Namakhwa anachoka ku Thyolo m'chaka cha 1998 n'kudzakhazikika kwa Chinsapo, kumene anakumba zitsime makumi anayi osathyokapo ngakhale chala. Lamulo lawo linali limodzi. M'mawa uliwonse ankamangirira nyali ya koloboyi ku chingwe n'kuitsitsira m'dzenje. Ikazima, ankadziwa kuti mpweya ndi woipa, ndipo tsikulo sankalowamo. Ikapitiriza kuyaka, ankavula malaya n'kutsika.

Mu Okutobala 2005, mipopi itauma, Abambo Kasimu, mwini nyumba za lendi m'mphepete mwa dambo, anawalemba ntchito yokumba chitsime. Pa tsiku lachisanu ndi chinayi piki inagunda mwala woyera ngati laimu, wa timabowo. M'timabowomo madzi akuda ankachita thovu pang'onopang'ono, osaleka.

Akatswiri a miyala amaudziwa mpweya wotero, ndipo amautcha metheni. Umachokera ku zinthu zowola zokwiririka. Iwo amati ngakhale pansi penipeni pa nyanja zamchere umatuluka m'ming'alu, tizilombo tosaoneka ndi maso n'kumaudya, n'kusiya mwala woyera. Umayaka, ndipo ukachuluka pamalo opanikizika umaphulika. Abambo Weston anali asanaumvepo. Mpweya woipa umene ankaudziwa unali wozimitsa moto basi.

M'mawa mwake nyali inatsika. Itayandikira pansi, lawi linatalika, nsonga yake n'kusanduka yabuluu.

"Moto uwu ndi wachilendo, achimwene," anatero Abambo Kasimu akubwerera m'mbuyo. "Bwanji tiyembekeze mawa?"

"Wazima kodi?"

"Kuzima sunazime, koma..."

"Nanga mukunjenjemera chiyani? Inu mumadziwa za malata ndi maloko. Zapansi ndisiyireni ine. Gwirani chingwe."

Abambo Weston anatsika. Pansi panali mdima, choncho anapachika nyaliyo pa msomali m'khoma la dzenje. Mutu unkawalemera pang'ono, koma anati ndi dzuwa la dzulo. Anamenya mwala uja kawiri. Kachitatu unang'ambika, ndipo mumng'alumo munatuluka phokoso longa la tayala lobooka. Anayang'ana nyali. Lawi linali litafika utali wa dzanja.

"Kokani!" anafuula atagwira chingwe.

Abambo Kasimu anakoka ndi mphamvu zawo zonse. Anali atangokoka mikono iwiri pamene mphepo yotentha inawawomba kumaso, chingwe n'kupepuka m'manja mwawo.